Mwana wa ku Mwambo m'kachipinda ka kuseri kwathu

Phunziro la Lamulungu la 13 pa Chaka (Chaka A)
Werengani: 2 Mafumu 4:8-11 ndi Mateyo 10:40-42

Akhristu anzanga, mawu oyamba a Misa ya lero akutionetsa mayi wa ku Sunemu amene ankaona mneneri Elisa akudutsadutsa pakhomo pake. Poyamba ankangomuitanira chakudya. Pambuyo pake adakambirana ndi mwamuna wake, nammangira kachipinda pamwamba pa nyumba, naikamo bedi, tebulo, mpando ndi nyale. Mukawerenga mosathamanga muona kuti mayiyu sadangopereka pogona. Tebulo, mpando ndi nyale ndi zinthu za munthu amene ali ndi ntchito yoti agwire kunja kutada. Lero tikadati ndi katundu wa mwana wa sukulu.

Tizipinda totere ife a mu mzinda wa Zomba tili nato. Ku Chikanda, ku Matawale, ku Chinamwali, ku Sadzi ndi ku Mpondabwino, kuseri kwa nyumba zambiri kuli mdadada wa zitseko, ndipo chitseko chilichonse chili ndi ophunzira awiri kapena atatu. Chancellor College idasamukira kuno ku Chirunga mu 1973, ndipo kuyambira mu 2021 ndiyo University of Malawi. Ophunzira ake adachuluka kalekale kuposa malo ogona a pasukulupo. Onjezanipo a sukulu za unamwino, a ntchito zamanja, ndi ana a sekondale zoyendera amene amati ali pa selofu. Ambiri a iwo amagona kwa ife, ndipo amalipira. Kulipiritsa lendi si tchimo. Enafe ndalama yomweyo ndiyo timagulira ufa ndi kuperekera mtulo.

Mwa ophunzira onsewa tiyeni tiganizire gulu limodzi. Mtsinje wa Likangala umatsika m'phiri la Zomba, kudutsa pakati pa tauni yathu, n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Mukautsata mukafika m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo, dziko la mpunga, matemba, makumba ndi milamba, kumene kuli Jali, Pirimiti ndi doko la Kachulu. Mpunga umene timagula pamsika wa Zomba wambiri umachokera mbali imeneyo, ndipo ana a kumeneko akakhoza mayeso amabwera kudzapempha chipinda kwa ife.

Vuto la mwana wa ku Mwambo ndi lakuti lendi imabwera mwezi ndi mwezi, koma ndalama ya makolo ake imabwera nyengo ndi nyengo. Mpunga wamvula umakololedwa chisanu chikamayamba. Miyezi ya mvula usodzi wa makoka umatsekedwa kuti nsomba ziswane. Nyanjayo n'njosaya, ilibe mtsinje wotulukira, ndipo imauma: idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adatsala pamatope ong'aluka. Chaka china madzi amabwera mopitirira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasiya anthu oposa theka la miliyoni m'chigawo chakummwera alibe pokhala, ndipo sukulu zambiri zidasanduka misasa. Wophunzira amene kwawo nyumba idagwa sangathe ngakhale kunena kuti ndibwerere kumudzi. Ndiye taonani Januwale ndi Febuluwale: kumudzi nkhokwe zatha, nyanja yatsekedwa, kuno malata akudontha, udzudzu wachuluka, zimbudzi zikusefukira, ndipo mwininyumba ali pakhomo. Zonse zimamupeza mwezi umodzi.

Ndisalankhule ngati zimachitika kwa ena okha. Inenso ndili ndi tizipinda tiwiri kuseri. Chaka china m'kachipinda kamodzi munkagona mnyamata wa kunyanjako ndi mnzake. Adatsalira lendi ya miyezi iwiri, ine n'kuyamba kugogoda m'mawa uliwonse. Sindidamutukwane, sindidamuopseze, ndinkangogogoda. Iye adaphunzira kudzuka kusanache ndi kubwera tonse titagona. Usiku wina wa mu Febuluwale adayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza. Mnzakeyo adaona kuti zinthu zafika poipa, koma adaopa kudzutsa munthu amene ali naye ngongole, choncho adadikira kuti kuche. Mayi a kunyumba ndiwo adampeza m'mawa atakhala pansi panjira ya kuchimbudzi, maso atalowa, mawu osamveka. Tidathamangira naye kuchipatala, adamuika madiripi, ndipo Mulungu adatichitira chifundo, adachira. Nditabwerako ndidawerenga mapazi kuchokera pachitseko chake kufika pachitseko changa. Adakwana khumi ndi asanu. Usiku wonse mwana wa eni ankatha madzi m'thupi pamtunda wotere, ndipo chimene chidatseka njira chidali kugogoda kwanga kwa m'mawa uliwonse.

Kuyambira tsiku limenelo ndimaona kuti wophunzira amene ali ndi ngongole amabisala, ndipo wobisala amabisanso matenda. Munthu wamkulu amene ali naye pafupi kuposa onse ndi mwininyumba, koma ndi yemweyonso amene akumuthawa.

Kolera sadikira kuti kuche. Mliri umene udayamba mu Malichi 2022, wodwala woyamba atapezeka ku Machinga, udakhala waukulu kuposa yonse m'mbiri ya dziko lathu ndipo udatenga miyoyo yoposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulira chifukwa cha iwo. A kunyanja ya Chilwa matendawa adawadziwa kale. Asodzi ogona pa zimbowera, tinyumba toyandama tija, amamwa madzi a m'nyanja momwemo, ndipo mu 2016 adachita kuwatsatira ndi katemera wakumwa mpaka kumeneko. Tisafulumire kunena kuti ndi matenda a anthu akunyanja. Zimene timataya mu Likangala kuno kumtunda, amene amazilandira ndi a kumunsi.

Chimene chimapha wodwala kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo zimenezi zingachitike m'maola ochepa. Munthu akayamba kutsekula zamadzimadzi zonga madzi otsukira mpunga, yambani pompo kumumwetsa Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi yomweyo sungunulani shuga masupuni aang'ono asanu ndi imodzi osasefukira, ndi mchere theka la supuni yaing'ono. Azimwa pang'onopang'ono ngakhale akusanza, muli pa ulendo wa kuchipatala. Mthenga Wabwino wa lero ukulonjeza mphotho kwa wopatsa wamng'ono chikho cha madzi ozizira. M'mabwalo mwathu muno chikhocho chiyenera kukhala cha madzi otetezedwa, ndipo paketi ya Thanzi m'kabati ya mwininyumba mtengo wake sufika ngakhale pa wa sopo wosambira.

Pali matenda ena amene amaopsa wophunzira koposa kumupweteka. Mwana amene adakula akusamba m'madambo ndi kuwoka mpunga m'madzi angathe kufika kuno atatenga likodzo, limene tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi. Tsiku lina aona magazi mu mkodzo. Ali yekha, ali ndi manyazi, ndipo maganizo amathamangira ku matenda opatsirana pogonana kapena kwa achibale amene sadakondwe kuti iye wapita kusukulu. Amafufuza pafoni usiku wonse, mantha n'kumakula, kenaka amagula makapisozi pagolosale. Chonsecho kuchipatala amangoyeza mkodzo, ndipo ngati ndi likodzo amapereka mapiritsi a praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu za pulaimale. Likodzo lolekerera zaka zambiri ndilo limawononga chikhodzodzo ndi impso. Malungo nawonso chimodzimodzi: kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi pachala, ndipo LA m'zipatala za boma ndi waulere. Panado amangoziziritsa thupi, tizilombo tili phee.

Popeza tili m'chisanu, ndinene za mbaula. Ophunzira amaphikira m'chipinda momwe amagona, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye amasiya makala akunyeka kuti afunde, chitseko ndi zenera zili zotseka. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amamva mutu ndi chizungulire, amaganiza kuti ndi kutopa ndi kuwerenga, amagona, ndipo ena sadzukanso. Mbaula igone panja. Apa eninyumba tili ndi mlandu wathu, chifukwa tizipinda tina tidamanga topanda zenera lotseguka. M'chipinda chotere, cha anthu atatu, chifuwa chachikulu chimayendanso mosavuta. Wotsokomola milungu iwiri akayezetse makhololo. Mankhwala ake ndi aulere.

Tsono inu ana athu ophunzira amene muli m'tchalitchi muno, mverani. Ngongole ndi matenda ndi milandu iwiri yosiyana. Mukadwala, kapena mnzanu wa m'chipinda akadwala, gogodani pakhomo la mwininyumba ngakhale pakati pa usiku, ngakhale mwatsalira miyezi itatu. Za lendi mudzakambirana mutachira. Mukaona kuti mwezi uno ndalama sibwera, nenani mwezi usanathe, ndipo nenani zoona, kuti mpunga sunagulitsidwe kapena kuti ngongole ya boma ya ophunzira yachedwa. Munthu wouzidwa amapsa mtima pang'ono kusiyana ndi munthu wothawidwa. Musanalowe m'nyumba, yambani mwaona chimbudzi, pamene mudzatunge madzi, denga ndi zenera, kenaka ndiye mufunse mtengo. Buku lanu la kuchipatala likhale pamalo amene mnzanu akuwadziwa, ndi nambala ya makolo yolembedwa pachikuto. Ndipo ngati nkhawa yafika pokusowetsani tulo ndi chilakolako cha chakudya, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, amenewonso ndi matenda ofunika chithandizo. Uzani wansembe, mphunzitsi, kapena a kuchipatala tsiku lomwelo. Dzalembetseninso kumphakati wa kumene mukukhala. Ambiri a inu mumabwera ku Misa zaka zinayi, koma mphakati umadzamva dzina lanu tsiku limene mwagonekedwa.

Kwa ife eninyumba nkhani ndi yolemererapo. Pali zilango zimene tidazolowera mpaka tidaleka kuziona kuipa: kuzula chitseko, kukhoma chimbudzi ndi loko, kutseka mpopi. Wotsekeredwa chimbudzi amakadzithandiza kuseri kwa mpanda, ndipo ntchentche za kumeneko sizifunsa kuti mbale iyi ndi ya walendi kapena ya mdzukulu wa mwininyumba. Wotsekeredwa mpopi amakatunga kumtsinje. Ngati wophunzira sakulipira ndithu, muli ndi ufulu womupatsa nthawi yoti asamuke, pamaso pa mboni, makolo ake atadziwa. Koma nthawi yonse imene ali pabwalo panu, madzi ndi chimbudzi si zokambirana. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ana athu enafe ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, m'tizipinda ta kuseri kwa anthu amene sitidawaonepo.

Chimene chidandithandiza ine ndi kukambirana ndi makolo a kunyanjako za nyengo yolipirira. Tidalemba m'kope kuti akagulitsa mpunga azilipiriratu miyezi ingapo, ndipo miyezi ya mvula ine ndizidikira. Chaka china adandipatsa thumba la mpunga m'malo mwa ndalama, ndipo sindidadandaule. Si aliyense angathe kutero, makamaka amasiye amene lendi ndiyo ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku. Koma mawu amodzi tonse tingathe kuwanena tsiku limene wophunzira akulowa m'nyumba: ukadwala ugogode, kaya uli ndi ngongole.

Pamsonkhano wa mphakati sabata ino, aliyense abwere atawerenga ophunzira amene akugona pabwalo pake ndi pabwalo la mnansi wake, ndi kumene kuli kwawo. Tikambirane kuti wina akadwala usiku, ndani ali ndi galimoto kapena njinga yamoto imene tingadzutse, ndipo ndani asunge mapaketi a Thanzi. Amene mudachitapo ntchito ya zaumoyo mutiphunzitse kasungunulidwe kake ndi botolo la lita imodzi m'manja. Ine pabwalo panga chimbudzi ndidachiikira chivundikiro ndi chigubu chosambira m'manja, koma zenera la kachipinda kachiwiri lidakali lokhomerera ndi misomali. Kalipentala ndamuuza abwere Loweruka.