Masamu Musawathawe



Ophunzira ambiri mumalakalaka uinjiniya wa makompyuta, koma mukangolowa folomu fili mumayamba kuzemba masamu ndi fizikisi. Vuto lagona pamenepo. Ku MUBAS, mu mzinda wa Blantyre, maphunzirowa amafuna munthu wokhoza bwino masamu, fizikisi ndi Chingerezi pa MSCE.

Gwiritsitsani masamu. Gwiritsitsani fizikisi. Mafomu a NCHE ofunsira malo kuyunivesite akatuluka, funsani aphunzitsi, lembani msanga.

Ntchito ya uinjiniyawu si kukonza mafoni osweka galasi pamsika kokha ayi. Makompyuta a MRA pachipata cha Mwami, netiweki ya TNM ndi Airtel, makina otengera ndalama kubanki, zonsezi zimadalira ainjiniya. Atsikana, nanunso malo alipo.

Tikubwerezanso: masamu ndi fizikisi musazithawe. Tsalani bwino.