NKHUNGU ZA PA NYANJA

M'chaka cha 1861 David Livingstone anayenda ndi bwato pa Nyanja ya Malawi. Iye ndi anzake anaona chinthu chakuda chitaima pamwamba pa madzi, nayesa kuti ndi utsi wa tchire lakupsa kutsidya. Pamene analowamo, anapeza kuti ndi tizilombo touluka tosawerengeka, tonga udzudzu koma tosaluma.

Eni dziko sanazizwe konse. Iwo anadziwa kuyambira makolo kuti zimenezo ndi nkhungu, ndiwo yokoma. Akazi amazikola ndi malichero, naziumba timitanda, naziyanika padzuwa. Anthu ophunzira za zamoyo anazindikira pambuyo pake kuti mphutsi zake zimakulira m'madzi akuya, ndipo nsomba zimadya mphutsizo.

Chinthu chinali chimodzi, koma mlendo anaona utsi, mkazi anaona ndiwo, wophunzira anaona chakudya cha nsomba. Munthu amazindikira chinthu monga mwa maganizo ake, mwambo wa kwawo ndi ntchito ya manja ake. Chifukwa chake mwana wanzeru akaona chachilendo, ayambe wafunsa eni ake, pakuti safunsa anadya phula.

Mafunso
1. Livingstone anayesa nkhungu chiyani?
2. Mlimi ndi mlenje akaona thengo, aliyense amaonamo chiyani?