Phunziro la chilengedwe: Nyanja ya Chilwa imayambira kuphiri



Sabata yatha mayi anandituma kumsika kukagula matemba. Kamulu kamene anandiikira ogulitsa kanali koti munthu n'kuwerenga nsomba zake imodziimodzi. Nditadandaula, mayi ogulitsawo anangoseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, usadandaulire ine, kadandaulire nyanja." Mawu amenewa akhala akundizungulira m'mutu mpaka lero. Kodi nyanjayo yalakwa chiyani? Kuti tiyankhe bwino, tiyeni tiphunzire mfundo zoyambirira za sayansi yotchedwa ecology, ndipo kalasi yathu ikhala Nyanja ya Chilwa, imene yazunguliridwa ndi maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, n'kukafikanso kumalire a Mozambique.

1. Ecology ndi phunziro la pakhomo

Amene anayambitsa mawu akuti ecology ndi wasayansi wa ku Germany, Ernst Haeckel, mu 1866. Anawatenga ku liwu la Chigiriki lotanthauza nyumba. Ndiye musaope dzinalo, ndi phunziro la pakhomo basi: ndani akukhala pano, akudya chiyani, akudalira ndani, ndipo mmodzi akachoka ena ziwathera bwanji.

Khomo lotereli asayansi amalitcha ecosystem, ndipo limakhala ndi mbali ziwiri. Pali zamoyo: nsomba, mbalame, njedza, ndere, tizilombo, komanso ifeyo anthu. Palinso zopanda moyo: madzi, dzuwa, matope, mphepo ndi mchere. Mbali ziwirizi sizisiyana. Ku Chilwa madzi ndi osaya, malo ambiri sapitirira mamita awiri, choncho mphepo ikawomba imavundula matope apansi. N'chifukwa chake madzi akumeneko amaoneka ofiirira, ndipo nsomba zimene zimakhalamo ndi zolimba, zopirira madzi amatope: matemba, makumba ndi milamba. Malo ndi amene amasankha wokhalamo.

2. Ophika, akudya ndi otsuka mbale

Pakhomo lililonse ntchito zimagawidwa. M'nyanja namonso ndi chimodzimodzi.

Oyamba ndi ophika, kutanthauza zomera. Izi zokha ndi zimene zimatha kutenga kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide n'kupanga chakudya. Ku Chilwa ophika ndi njedza za m'dambo komanso ndere zing'onozing'ono zoyandama m'madzi, zina zosaoneka ndi maso.

Achiwiri ndi akudya. Tizilombo tating'ono ta m'madzi timadya ndere, matemba amadya tizilomboto, mlamba ndi kakowa zimadya matemba, kenako ine ndi inu timadzadyera nsima mlambawo. Mndandanda wa wodya ndi wodyedwawu ndi umene kusukulu ankati food chain. Koma kunena zoona si chingwe chimodzi ayi, ndi ukonde, chifukwa mlamba susankha: umadya nsomba, tizilombo, nkhono, ngakhale zowola. Mukadula ulusi umodzi, ukonde wonse umagwedezeka.

Achitatu ndi otsuka mbale, mabakiteriya ndi tizilombo ta m'matope. Timaoletsa njedza zakufa, ndowe ndi nsomba zakufa, n'kubwezera chonde m'madzi kuti ophika aja ayambirenso. Sitiwaona, sitiwayamika, koma popanda iwo nyanja ikanadzaza ndi zinthu zakufa ndipo chakudya chikanatha.

3. Mphamvu imatha, chonde chimazungulira

Apa mumvetsetse bwino. Mphamvu yochokera kudzuwa imayenda ulendo wosabwerera. Pa sitepe iliyonse ya kudya, imene imafika kwa wodyayo n'kukhala thupi lake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Yotsalayo imathera kusambira, kupuma ndi kutentha. Mongoyerekeza, kuti mlamba ulemere kilogalamu imodzi podya matemba okhaokha, pafunika makilogalamu 10 a matemba, ndipo matembawo afuna makilogalamu 100 a tizilombo, tizilomboto tifuna makilogalamu 1,000 a ndere. Mwaona chifukwa chake matemba amachuluka koma nkhwazi n'zowerengeka? Amene ali pamwamba amasenzedwa ndi khamu la apansi.

Chonde, monga nitrogen ndi phosphorus, chili ndi khalidwe lina. Icho sichitha, chimangozungulira: kuchoka m'dothi kupita m'chomera, m'nyama, kubwereranso m'dothi. Madzi nawonso amazungulira: nthunzi, mitambo, mvula, mtsinje, nyanja, nthunzinso.

Tsopano nachi chimene chimasiyanitsa Chilwa ndi Nyanja ya Malawi. Nyanja ya Malawi ili ndi khomo lotulukira, mtsinje wa Shire. Chilwa ilibe. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, koma potuluka amangouluka ngati nthunzi. Nthunzi sinyamula mchere, n'chifukwa chake madzi a Chilwa ali ndi kamchere. Sinyamulanso matope, feteleza, sopo kapena majumbo. Chilichonse chimene mtsinje wabweretsa chimatsala momwemo. Timakonda kunena kuti "ndataya" zinyalala, koma chilengedwe sichidziwa kutaya. Chimene tachita n'kungosamutsira zinyalalazo pakhomo pa wina.

4. Nyanja imayambira kuphiri

Dera lonse limene mvula yake imatsetserekera m'nyanja imodzi limatchedwa catchment. Dontho logwa pa phiri la Zomba likhoza kutsika ndi Mulunguzi, kulowa mu Likangala, kudutsa mumzinda wa Zomba, kuthirira mpunga kumunsi, kenako n'kukafika ku Chilwa. Ndiye wootcha makala kuphiri, wochapa pa mlatho m'tauni, mlimi wa mpunga ndi msodzi wa pa Kachulu ali pakhomo limodzi, ngakhale sadziwana mayina.

Phiri lokhala ndi mitengo lili ngati thonje. Masamba amachepetsa ukali wa mvula, mizu imatsegula njira kuti madzi alowe pansi, ndipo madziwo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'chilimwe. Phiri likametedwa, mvula imathamanga tsiku limodzi, itanyamula dothi lachonde. Zotsatira zake n'zitatu: kusefukira m'dzinja, mitsinje youma mu Okutobala, ndi matope okwirira nyanja imene ndi yosaya kale. Ngakhale chitsime chimene timatungapo madzi a wudhu pa mzikiti chimamwa madzi omwewo olowa pansi. Chikaphwa msanga, tisamangoloza dzuwa, tiyang'anenso kuphiri.

Feteleza wokokoloka m'minda naye ali ndi mlandu wake. Akachuluka m'madzi, ndere zimaswana mopyola muyeso. Zikafa, mabakiteriya oziwoletsa amamaliza okosijeni wa m'madzi, nsomba n'kubanika. Chinthu chabwino chikapyola mlingo chimasanduka poizoni.

5. Malo aliwonse ali ndi malire ake

Busa lokwanira mbuzi 20 mukaikamo 60, chaka choyamba mudzaoneka wolemera, chachiwiri mudzatsala ndi fumbi. Asayansi amati carrying capacity, kutanthauza katundu amene malo angasenze osathyoka msana. Nsomba zimaswana, inde, koma zili ndi liwiro lake. Tikamakokola ndi maneti a udzudzu, timatenga ndi tiana tomwe tisanaikire mazira. Tikamaponya khoka m'nyengo ya mvula imene usodzi wotere umatsekedwa, timapha mayi ali ndi mazira m'mimba. Kumeneko n'kukazinga mbewu.

6. Nyanja imene imafa n'kudzukanso

Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anathawa kutali moti mabwato anangokhala pamatope ong'ambika. Agogo anga amakonda kusimba za 1995, kuti anthu ankapita pa chilumba cha Chisi wapansi, pamalo pamene kale ankapalasa bwato. Ndili mwana ndinkaona ngati akuwonjezera nkhani, mpaka pamene ndinadzionera ndekha mu 2018.

Funso langa linali lakuti, nanga madzi akabwerera, nsomba zimachokera kuti? Yankho lake ndi phunziro lalikulu kuposa onse a lero. Nyanja ikamaphwa, nsomba zina zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo a njedza. Mlamba uli ndi chiwalo chouthandiza kupuma mpweya wa kunja, choncho umapirira m'madzi ochepa amatope momwe nsomba zina zingafe. Mvula yabwino ikabwera, otsala ochepawa amatsikira m'nyanja, n'kupeza madzi odzaza ndi chonde cha zomera zowola ndi ndowe za ng'ombe zimene zinkadya pamenepo. M'zaka zochepa nsomba zimachulukanso.

Mphamvu yodzukanso pambuyo pa tsoka imeneyi imatchedwa resilience, ndipo imadalira malo othawirako aja. Munthu akathira katupe m'dziwe lotsala m'chilimwe kuti aphe nsomba zonse kamodzi, waphera limodzi nyanja ya chaka chamawa. Wina akatentha dambo kapena kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, wagumula nyumba yobisalamo. Kuphwa pakokha si imfa ya Chilwa, nyanjayi inazolowera. Choopsa n'chakuti tsiku lina idzaphwe ilibe kothawira.

Nanga ifeyo?

Ndikudziwa kuti wootcha makala sachita dala, pakhomo pamafunika ndiwo ndi fizi. Ineyo amene ndikulembane ndimaphikira makala omwewo, ndiye sindingaloze munthu chala. Koma pali zimene zili m'manja mwathu. Dziwani dzina la mtsinje wa kwanu, kumene ukuchokera ndi kumene ukuthera. Ambirife timadziwa osewera mpira a ku England koma funso ili lingatigwetse. Neti ya udzudzu ikhale pabedi. Mbaula yosunga makala imachepetsa mitengo yodulidwa. Ngati kwanu kuli munda wa m'mbali mwa mtsinje, kambiranani ndi makolo kuti musiye mpata wa udzu ndi mitengo pakati pa mizere ndi madzi. Ndipo ngati gulu lanu linadzala mitengo dzinja lapitali, bwererani mukawerenge imene yapulumuka, chifukwa mtengo wa pa chithunzi sugwira dothi.

Ndikadzapitanso kumsika ndidzawauza mayi aja kuti nyanja ndaifunsa, ndipo yandilozera kuphiri, kumtsinje ndi kukhitchini kwathu.

Ntchito ya sabata ino: tengani ndiwo imene mwadya lero, muitsatire chobwerera m'mbuyo sitepe ndi sitepe mpaka mukafike padzuwa. Mwadutsa zamoyo zingati? Ndi iti mwa masitepewo imene ili pangozi kwanuko? Sabata yamawa, in sha Allah, tidzayambira pa mayankho anu.