Mpweya Wopulumutsa Moyo Ungachititse Bwanji Khungu?

Ambiri mwa inu munamvapo za Stevie Wonder, woimba wa ku America uja. Iye anabadwa mu 1950 kutatsala milungu 6 kuti masiku akwane, ndipo anachita khungu adakali wakhanda. Matenda ake amatchedwa retinopathy of prematurity, mwachidule ROP. Ine ndimaphunzitsa fizikisi, koma nkhani iyi ndaisankha dala chifukwa zimene timaphunzira zokhudza kuwala ndi mpweya zikupezekamo zonse.

Tiyambe ndi diso. Paja timati diso lili ngati kamera: lenzi imasonkhanitsa kuwala n'kukugwetsera pa retina, kachikopa kopyapyala ka kumbuyo kwa diso. Retina imadya oxygen wambiri, choncho imafunika mitsempha ya magazi. Mitsemphayi imayamba kumera mimba ili ndi milungu pafupifupi 16, kuchokera pakati kulowera m'mphepete, ndipo imamaliza cha pa milungu 40. Mwana akabadwa pa milungu 28, ntchitoyi imakhala isanathe, ngati msewu umene phula lathera panjira.

M'mimba oxygen amakhala wochepa, ndipo kuchepako n'kumene kumachititsa retina kutulutsa puloteni yotchedwa VEGF, yomwe imauza mitsempha kuti ikule. Kunja kuno mpweya uli ndi oxygen 21 peresenti, komanso khanda lovutika kupuma amaliwonjezera wina kuti lisafe. Retina imangoti basi zakwana, VEGF imatsika, mitsempha n'kusiya kukula.

Pakapita milungu ingapo zinthu zimatembenuka. Retina ikamakula, mbali yopanda mitsempha ija imayamba kusowa oxygen. Mukukumbukira diffusion? M'minofu, oxygen payekha sayenda mtunda wautali, safika ndi milimita imodzi yomwe. Ndiye retina yanjalayo imatulutsa VEGF wochuluka mopitirira muyezo. Mitsempha imamera mwachisawawa, yosalimba, yotaya magazi, ndipo zipsera zake zimatha kukoka retina n'kuimatula. Retina ikamatuka, lenzi ikhale yabwino chotani, chithunzi palibe.

Dokotala Theodore Terry wa ku Boston ndiye anafotokoza matendawa koyamba mu 1942. Mu 1951 dokotala Kate Campbell wa ku Melbourne anaona kuti akufala kwambiri kumene makanda akupatsidwa oxygen wochuluka.

Nanga ma stem cell akubwera pati? Awa ndi maselo amene sanasankhebe ntchito, moti amatha kusanduka maselo a mitundu ina. Mu 1997 Takayuki Asahara ndi anzake anapeza kuti m'magazi mumayenda maselo amene angathe kusanduka maselo a khoma la m'kati mwa mitsempha. Amawatcha ma EPC. Ali ngati amisiri oyendayenda: pamene thupi likufuna mitsempha yatsopano, VEGF ndi mapuloteni ena amawaitanira pomwepo.

Mu 2010 ofufuza a ku Szczecin, m'dziko la Poland, anafalitsa zimene anapeza atawerenga maselo a mtunduwu m'magazi a makanda. Ana odwala ROP anali ndi ma EPC ochuluka kuposa anzawo osadwala. Apa musathamangire kunena kuti maselowa ndi amene amayambitsa matendawa. Mukapeza khamu la anthu pa nyumba imene ikupsa, sindiye kuti ndi iwo ayatsa moto; mwina abwera ndi zidebe za madzi. Zinthu ziwiri kupezekera limodzi si umboni woti china chabala chinzake. Chimene kafukufukuyu akutiphunzitsa n'chakuti diso likamasowa oxygen, uthenga wake suthera m'diso momwemo, umaonekera ndi m'magazi.

Pakadali pano chitetezo chili pa kuyeza. Kachipangizo kotchedwa pulse oximeter, kamene amamangirira kuphazi la khanda, kamawalitsa kuwala kofiira ndi kwa infrared. Magazi okhuta oxygen amayamwa kwambiri infrared, pamene osowa oxygen amayamwa kwambiri kuwala kofiira. Poyerekeza ziwirizi, namwino amadziwa ngati awonjezere mpweya kapena achepetse. Dokotala wa maso amayenderanso makandawa, ndipo matenda akapezeka msanga amathandizidwa ndi laser kapena jekeseni woletsa VEGF.

Nkhaniyi si yakutali. Lipoti la WHO la mu 2012 linaonetsa kuti ku Malawi ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane, chiwerengero chokwera kuposa dziko lina lililonse pa nthawiyo. Zipatala zathu zikamapulumutsa ana ambiri otere, m'pamenenso pakufunika anthu odziwa kuteteza maso awo. Ena mwa anthu amenewo ali mu Folomu 3 lero.

Funso loti mukambirane ndi anzanu: n'chifukwa chiyani kungochepetsa oxygen kwa makanda onse sikungakhale njira yabwino yothetsera ROP? Lembani yankho lanu m'ziganizo zitatu.