UBATIZO SUTSALA KUMUDZI

Caka ndi caka midzi yathu iperekeza ana ace ku Lusaka. Akwera basi pa Chipata, pa Katete kapena pa Petauke, naoloka mlatho wa Luangwa, nakafika mumzinda waukuru. Ena apita ku sukulu; ena apeza nchito m'nyumba za ku Roma, ku Kabulonga ndi ku Woodlands; ena akhala ndi abale ao ku Kabwata kapena ku Chelstone. Pocoka, mai awamangira ufa ndi nyemba, naika kalata wa ubatizo pansi pa zobvala. Kalatayo afika nao m'tauni, koma ambiri sadziwa cimene acitira umboni. Cifukwa cace ena aiwala ubatizo wao monga munthu aiwala khasu kumunda. Ena, atamva mlaliki wa pamseu akuti ubatizo wa paukhanda uli wacabe, apita kukabatizidwanso. Tiyeni tsono tiphunzire pamodzi tanthauzo la sakramenti limeneli, kuti ife ndi ana athu tisagwedezeke.

1. Mwini wa ubatizo ndani?

Ubatizo unaikidwa ndi Ambuye Yesu mwini. Iye anayamba watsikira m'madzi a Yordano, angakhale analibe chimo, kuti aime pamodzi ndi ocimwa. Atauka kwa akufa analamula atumwi ace kuti aphunzitse mitundu yonse ndi kuibatiza m'dzina la Mulungu mmodzi, amene ali Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera (Mateyu 28). Wansembe athira madzi, koma wobatiza weniweni ndiye Kristu. Cotero mphamvu ya ubatizo sicokera ku ubwino wa munthu wothira madziyo, kapena ku kucuruka kwa madzi, kapena ku mbiri ya mtsinje. Madzi a pacitsime ca kumudzi ndi madzi a pampopi wa ku Lusaka ali amodzi pamaso pa Mulungu.

2. Ubatizo ucita ciani mwa munthu?

Coyamba, utsuka. Ucotsa chimo limene tinabadwa nalo, ndipo mwa munthu wamkuru ucotsanso macimo onse amene iye anacita. Caciwiri, ubala. Ambuye anaphunzitsa Nikodemo usiku kuti munthu alowa mu ufumu wa Mulungu pobadwanso mwa madzi ndi Mzimu (Yohane 3). Cacitatu, ulumikiza munthu ku imfa ndi kuuka kwa Kristu. Paulo Woyera, polembera Akristu a mumzinda wa Roma wa ku Italy, anafanizira ubatizo ndi maliro: moyo wakale uikidwa m'manda, ndipo munthu aturuka kuti ayende m'moyo watsopano (Aroma 6). Ndico cifukwa cace akuru ophunzira cikristu abatizidwa makamaka usiku wa Paska, nabvekedwa nsaru yoyera, napatsidwa kandulo woyaka.

Tisayese ubatizo ngati mankhwala otsirika mwana kuti asadwale, kapena mwambo wongopatsira dzina lacilendo. M'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 8, tiwerenga za anthu awiri amene anabatizidwa ndi Filipo. Mmodzi anali nduna ya ku Etiopiya, munthu wa m'dziko lathu lino la Afrika, amene anakhulupira napita kwao wokondwa. Wina anali Simoni wa ku Samariya, wamatsenga, amene atabatizidwa anafuna kugula mphamvu ya Mulungu ndi ndalama, nadzudzulidwa kowawa ndi Petro. Madzi anali amodzi, wobatiza anali mmodzi. Inasiyana ndi mitima.

3. Cifukwa ninji tibatizidwa kamodzi kokha?

Akuru akale anali kutema mphini pankhope, ndipo munthu anali kuzindikirika mtundu wace kuli konse kumene anapita. Mphini sizinali kufafanizika ndi ukalamba kapena ndi ulendo. Ubatizo ndiwo mphini ya Kristu pamzimu wa munthu. Mwana wolowerera wa m'fanizo lija, pobwera kwa atate wace, sanabadwenso kaciwiri kwa mai wace. Anangolapa, nalandiridwa, pakuti anali mwana kale. Momwemonso Mkristu amene wagwa asowa kulapa ndi kuulula macimo ace. Ubatizo waciwiri sausowa. Paulo Woyera aphunzitsa Aefeso (mutu 4) kuti ubatizo uli umodzi, ndipo Msonkhano wa mabishopu wa ku Constantinople, m'caka ca 381, unaika ciphunzitso cimeneci m'mau a cikhulupiriro amene tinena pa Misa kufikira lero.

Ena afunsa kuti, khanda lidziwa ciani? Tiyankha kuti khanda silidziwa dzina la mai wace, koma mai alidziwa, naliyamwitsa. Mulungu ndiye ayamba kutikonda ife tisanamdziwe. Komabe makolo ndi oimirira mwana alonjeza m'malo mwace, ndipo lonjezo limenelo ndi ngongole. M'mera mpoyamba: mwana amene anabatizidwa osaphunzitsidwa afanana ndi mbeu yodzalidwa m'munda wosapaliridwa.

4. Banja limodzi m'mzinda wa mitundu yambiri

Ku Roma wa ku Lusaka kuli chalichi ca Maria Wotengedwa Kumwamba, cimene cinali chalichi ca Bishopu wamkuru kufikira pamene chalichi cacikuru ca Mwana Yesu cinadalitsidwa m'caka ca 2006. Dera la Roma liri ndi nyumba zazikuru za mipanda ya njerwa, ndipo pafupi pomwepo pali komboni ya Ng'ombe, kumene akhala anthu ambiri ogwira nchito za manja. Koma m'chalichi mulibe madzi ena a mwana wa bwana ndi ena a mwana wa mlonda. Mcewa, Mnsenga, Mbemba, Mtonga ndi Mlozi alowa pa khomo limodzi. Paulo Woyera anauza Agalatiya (mutu 3) kuti obatizidwa onse abvala Kristu, ndi kuti mwa Iye kusiyana kwa mtundu ndi kwa kapolo ndi mfulu kutha mphamvu. Tsono bwana wobatizidwa amene amana wanchito wace malipiro acimwira mbale wace. Ndiponso wanchito wobatizidwa amene aba za bwana wace acimwira mbale wace.

Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican, wa m'zaka za 1962 mpaka 1965, unatikumbutsanso kuti ubatizo woona ndiwo cingwe cimene citimanga pamodzi ndi Akristu a mipingo yina, monga a Anglican ndi a Reformed. Tisawanyoze, pakuti mphini yao ndi yathu ziri za Mbuye mmodzi.

Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikristu. Koma dziko silibatizidwa. Abatizidwa ndi munthu, yense pa dzina lace, ndipo yense adzayankha pa yekha.

5. Mboni ziwiri

M'caka ca 1886, ku Uganda, mfumu Mwanga inakwiyira anyamata acikristu a m'nyumba yace. Poona kuti imfa yayandikira, mtsogoleri wao Charles Lwanga, amene sanali wansembe, anabatiza usiku anzace amene anali asanabatizidwe. Mmodzi wa iwo anali Kizito, wamng'ono wa onse. Pa 3 June 1886 anatenthedwa ndi moto ku Namugongo. Kizito anakhala wobatizidwa masiku owerengeka okha, koma anasunga ubatizo wace kufikira imfa. Papa Paulo VI anawalemba m'gulu la oyera, onse 22, pa 18 October 1964, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Zambia alandire ufulu.

Mboni yaciwiri ndiyo Adam Kozłowiecki, wansembe wa cipani ca Ajezuiti wa ku Poland. Anagwidwa ndi asilikari a Hitler m'caka ca 1939, nakhala m'ndende zoopsya za Auschwitz ndi Dachau kufikira 1945. M'menemo akaidi anali kulandidwa zobvala, kumetedwa, ndi kuitanidwa ndi nambala m'malo mwa dzina. Koma umwana wa Mulungu palibe msilikari anakhoza kumlanda. Ataturuka anadza kuno m'caka ca 1946, nakhala Bishopu wamkuru woyamba wa Lusaka kuyambira 1959. M'caka ca 1969 anatula udindo kuti mwana wa dziko lino aulandire, nabwerera kukatumikira ku misyoni za kumidzi. Anamwalira m'caka ca 2007.

6. Zoyenera kucita

Makolo, musacedwetse ubatizo wa mwana cifukwa ca kusowa mbuzi kapena cobvala catsopano. Posankha womuimirira, funani munthu wopemphera ndi wa makhalidwe abwino, angakhale ali wosauka.

Mwana kapena wophunzira cikristu akadwala mwakayakaya, ndipo wansembe ali kutali, munthu ali yense akhoza kumbatiza. Athire madzi enieni pamutu katatu, akunena mau a ubatizo amene tinaphunzira m'katekisimu, ndi mtima wofuna kucita cimene Eklezia acita. Pambuyo pace adziwitse wansembe kuti dzina lilembedwe m'buku.

Inu amene mupita ku Lusaka, Sabata loyamba mukadzionetse ku parishi ya kumene mukhala, muli ndi kalata wanu, ndipo mulowe m'mphakati wa Akristu a m'dera lanu. Kalatayo adzafunika pa ulimbitso ndi pa ukwati, koma makhalidwe anu adzafunika tsiku ndi tsiku: pamsika, pa nchito, ndi pamene palibe wa kumudzi wakukuonani.

Ndipo tonsefe tifunse tsiku limene tinabatizidwa, tililembe m'kalendala muno, kuti likafika tiyamike Mulungu pamodzi ndi banja lathu, ndi kubwereza malonjezo athu a kukana Satana ndi kutsata Kristu.