Phazi la Ray Guy: Phunziro kwa Magoloboyi Athu

Anzanga, nthawi yosankha malo osewera mu timu ya sukulu ikakwana, aliyense amalimbirana nambala 9 kapena 10. Pagolo timaponyapo yemwe wachedwa kubwera, kapena yemwe mpweya umamuthera msanga. Ine ndakhala goloboyi kuyambira ku pulayimale tikumenya chikulunga, ndiye ndikudziwa momwe anthu amayionera ntchito imeneyi. Ambiri amakumbukira kuti Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda ndiwo adagoletsa pamene Flames idathambitsa Algeria 3-0 ku Angola mu 2010. Koma tafunsani kuti pagolo padali ndani, ndi ochepa angatchule Swadick Sanudi.

Lero ndikufuna ndikuuzeni za munthu wina wa ku America yemwe ntchito yake idali yonyozeka kuposa ya goloboyi, koma adadya nayo zaka 14 mpaka dzina lake lidalowa m'mbiri. Dzina lake ndi Ray Guy. Nkhani yake ili ndi Physics mkati, ndiye a Fomu 3 ndi 4 musangodutsa.

Masewera ake ndi otani?

Mpira wa ku America, womwe amautcha American football, si chikopa chathu chino ayi. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo nthawi zambiri amathamanga nawo ali nawo m'manja. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Kuchokera pa mzere wa chigoli kukafika pa mzere unzake pali mayadi 100. Yadi imodzi ndi mamita 0.9144, choncho ndi mamita 91 ndi pang'ono.

Lamulo lake lalikulu ndi ili: timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10 kupita kutsogolo. Ikakwanitsa, imalandira mipata ina inayi. Ikalephera pa mpata wachinayi, adani amatenga mpira pamalo pomwepo. Ndiye taganizani: mwayesa katatu zakanika, ndipo mudakali pafupi ndi chigoli chanu. Mukayesanso n'kulephera ndiye kuti mwawasiyira adani mpira pakhomo panu penipeni. Apa m'pamene amaitana munthu wotchedwa punter, kuti aumenye mpirawo upite kutali, adaniwo akayambire kwawo.

Iye amaima pafupifupi mayadi 15 kumbuyo kwa anzake. Mnzake amamuponyera mpira kudzera pakati pa miyendo, iye n'kuuwakha, kuusiya kuti ugwe, n'kuumenya usanakhudze pansi, monga amachitira goloboyi akagwira mpira. Zonsezi zimachitika m'masekondi pafupifupi awiri, kwinaku zimphona zikumuthamangira kuti zitchinge. Akatero amakakhalanso pabenchi. Ligi yaikulu ya NFL ili ndi matimu 32, ndipo timu iliyonse imasunga punter mmodzi basi. Dziko lonse lija, malo 32 okha.

Ulendo wa Ray Guy

Ray Guy adabadwa pa 22 Disembala 1949 m'chigawo cha Georgia, ndipo adakulira m'katauni kakang'ono kotchedwa Thomson. Ku America, njira yolowera mu NFL imadutsa ku koleji, ndipo wosewera wa ku koleji amene maphunziro akumukanika amaletsedwa kusewera. Guy adaphunzira pa University of Southern Mississippi. Kumeneko sankangomenya mpira kokha: ankaseweranso kumbuyo ngati wotchinga, komanso adali katswiri pa baseball.

Chaka chilichonse matimu a NFL amasankha osewera ochokera m'makoleji mosinthanasinthana. M'ndime yoyamba amatenga akatswiri enieni, omwe timu ikuyembekeza kuti aisintha. Mu 1973 timu ya Oakland Raiders, yomwe mwini wake adali Al Davis ndipo mphunzitsi wake adali John Madden, idadabwitsa anthu potenga Guy pa nambala 23 m'ndime yoyambayo. Punter adali asanasankhidwepo m'ndime imeneyi. Zili ngati timu ya mu Super League yatulutsa ndalama zake zambiri kugula munthu woti azingomenya magolokiki.

Guy adasewerera Raiders kuyambira 1973 mpaka 1986, ngakhale pamene timuyo idasamukira ku Los Angeles mu 1982. Adasewera masewera a ligi 207 otsatizana osajomba. Adamenya mpira ka 1,049, ndipo mipira yonseyo itaphatikizidwa idayenda mayadi 44,493. Tikasintha, ndi makilomita oposa 40, kuposa mtunda wa pa Liwonde kukafika pa Balaka. Pa mipira yonseyo, adani adakwanitsa kutchinga itatu yokha. Ndi timuyi adapambana chikho chachikulu cha Super Bowl katatu: mu 1977, 1981 ndi 1984.

Tawerengani bwino: 1,049 kugawa ndi 207 ndi kasanu pa masewera amodzi. Munthu ankadikira pabenchi maola atatu kuti agwire ntchito ya masekondi ochepa, ndipo pa masekondi amenewo sankayenera kuphonya.

Chomwe chidamutchukitsa ndi kutalika kwa mipira yake kupita m'mwamba. Mu 1976, pa masewera a akatswiri a Pro Bowl mu bwalo lofolera la Superdome ku New Orleans, mpira wake udakagunda makanema omwe adawapachika kudenga. Timu ya Houston Oilers nayo idakayikira kuti mwina mpira wake amaupopera mpweya wopepuka wa helium, mpaka idakauyezetsa. Sadapezemo kanthu. Kuno kwathu tikanati, "Aise, ameneuja ngokhwima." Koma mankhwala ake adali amodzi: kuyeserera tsiku ndi tsiku.

Physics ya phazi

N'chifukwa chiyani ankamenya m'mwamba m'malo mongothamangitsa mpira kutali? Yankho ndi nthawi yomwe mpira umakhala m'malere, yomwe iwo amati hang time. Mpira ukadali m'mwamba, anzake a punter amakhala akuthamangira komwe ukagwere. Ukachedwa kutsika, wolandira amapeza atazingidwa kale. Ukapita kutali koma motsika, umafika msanga, wolandirayo n'kupeza njira yothamangira kubwerera nawo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Titenge g kukhala 10 m/s², ndipo tiyerekeze kuti mphepo palibe. Mpira umatenga theka la nthawi kukwera ndi theka kutsika.

Ngati wakhala m'malere masekondi 4, wakwera kwa masekondi 2. Msinkhu wake ndi ½ × 10 × 2² = mamita 20.

Ngati wakhala masekondi 5, wakwera kwa masekondi 2.5. Msinkhu wake ndi ½ × 10 × 2.5² = mamita 31.25.

Mwaona? Kuti uwonjezere sekondi imodzi yokha, mpira uyenera kukwera mamita ena 11. N'chifukwa chake sekondi imeneyi ndi yodula. Nanga phindu lake? Tiyerekeze kuti mnzako amathamanga mamita 7 pa sekondi. M'masekondi 4 ayenda mamita 28, koma m'masekondi 5 ayenda mamita 35. Mpira wa Guy unkayenda mayadi 42.4 tikatenga pakatikati, omwe ndi pafupifupi mamita 39. Ndiye sekondi yachisanuyo ndi imene imamufikitsa mnzako pamphuno pa mdani.

M'buku timaphunzira kuti chinthu choponyedwa chimafika kutali kwambiri pa madigiri 45. Izi n'zoona mpweya ukakhala kuti sukuchibweza. M'bwalo lenileni mpweya umabweza mpira, choncho wofuna mtunda amatsitsako pang'ono, ndipo wofuna nthawi amakweza kuposa 45.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Taonererani masewera a masukulu kaya ndi ku Ntaja, ku Ulongwe kapena pa Balaka Stadium. Goloboyi akangogwira mpira amaumenya ndi mphamvu zonse osayang'ana, anthu n'kukuwa kuti "Phazi ilo!" Koma tawerengani kuti mipira ingati imagwera kwa adani n'kubwerera pagolo pomwepo. Kumeneko ndi kupereka mphatso. Nazi mfundo zinayi zomwe ine ndimatsata.

Choyamba, kagwetsedwe. Mpira ukachoka m'manja mopendama, phazi silingaukonze. Usauponye m'mwamba, utambasule mkono, uusiye ugwe wokha, maso ali pampira mpaka waumenya ndi pamwamba pa phazi, osati chala.

Chachiwiri, dziwa chomwe ukufuna. Ngati anzako atopa ndipo akufuna mpata wokwera kutsogolo, menya m'mwamba. Ngati wosewera wa m'mbali ali yekha, menya motsika kuti umupeze msanga.

Chachitatu, mphepo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera ukamaomba, mpira wokwera kwambiri molimbana ndi mphepo umaima m'malere n'kugwera pafupi. Ukayang'anizana nawo tsitsa mpira. Ukakhala kumsana kwako ukweze, mphepo ikuthandize.

Chachinayi, malamulo. Pa golokiki palibe ofusayidi, koma mpira womenya kuchokera m'manja ofusayidi ilipo, ndiye uyang'ane pomwe waima wogoletsa wako. Komanso kuyambira mu 2025, goloboyi akasunga mpira m'manja kuposa masekondi 8, woyimbira amapereka kona kwa adani. Nthawi yoganiza ndi yochepa, ngati ya punter yemwe uja.

Mbali yowawa

Nkhani ya Guy ili ndi polira pake. Ngakhale adasankhidwa kasanu ndi kawiri kusewera mu Pro Bowl, osankha anthu olowa m'nyumba yaulemu ya Pro Football Hall of Fame ku Canton, Ohio, adamudumpha kwa zaka zambiri. Ena ankaona ngati womenya mpira kasanu pa masewera si wosewera weniweni. Adalowa mu 2014, patatha zaka pafupifupi 28 chisiyireni kusewera, ndipo adali punter woyamba kulandira ulemu umenewu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komanso mu 2011 ngongole zidamukulira moti mphete zake zitatu za Super Bowl zidagulitsidwa pa okushoni. Katswiri wotero, zikho zitatu, koma chikumbutso cha thukuta lake chidapita kwa ena. Apa ndikulankhula ndi inu amene mumathawa kalasi Lachitatu masana n'kumati mpira ndiwo udzakudyetseni. Phazi limakalamba. Guy adasiya kusewera ali ndi zaka 37, ndipo adakhala ndi moyo zaka zina zoposa 35 mpira utatha. Pa zaka zimenezo adaphunzitsa achinyamata kumenya mpira komanso adagwira ntchito pa yunivesite yomwe adaphunzirapo. Adamwalira pa 3 Novembala 2022 ali ndi zaka 72. Kuyambira mu 2000, punter wopambana m'makoleji a ku America amalandira mphoto yotchedwa Ray Guy Award.

Ntchito ya sabata ino

1. Mpira wakhala m'malere masekondi 3. Wakwera mamita angati? Gwiritsani ntchito g = 10 m/s².

2. Sinthani mayadi 44,493 kukhala makilomita. Onetsani njira yonse.

3. Khalani atatu pabwalo: womenya, wogwira wotchi ndi woyeza mtunda ndi mapazi. Menyani mipira 10 kuchokera m'manja, mulembe nthawi ndi mtunda wa uliwonse. Ndi mpira uti unapita kutali, nanga ndi uti unakhalitsa m'mwamba? Kodi ndi umodzi womwewo?

Atsikana, funso lachitatuli si la anyamata okha, bwaloli ndi lathu tonse. Mayankho muwaponye m'bokosi la kalabu yathu ya olemba pofika Lachisanu, ndipo a nthawi yabwino koposa tidzawamata pakhoma pompano.