Yankho kwa mayi a ku Bangwe

Mwafunsa ngati mwana wanu avomere ntchito yoyankha mafoni a makasitomala, pomwe malipiro ake ndi ochepa.

Ntchito yotereyi siyachilendo kuno, TNM ndi Airtel ali nawo anthu oyankha mafoni. Ku Cape Town, Durban ndi Manila, achinyamata ambiri amayankha makasitomala a ku Britain ndi America. Makampani amathamangira komwe moyo ndi wotsika mtengo kuti azilipira zochepa. Phindu lake lilipo ndithu: ndalamayo imafika kwa alandilodi, kwa a minibasi ndi kwa amayi ogulitsa ndiwo mumsika, ndipo mwanayo amazolowera kompyuta ndi kuyankhula ndi anthu mwaulemu.

Koma mayi, moyo wa mu Blantyre usatinamize kuti ndi wotchipa. Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo K90,000 yomwe boma lidakhazikitsa mu 2024 ngati malipiro otsikitsitsa idamezedwa msanga ndi kukwera kwa zinthu. Wochokera ku Bangwe amakwera kawiri, kukafika ku Limbe kenako m'tauni, tsiku ndi tsiku.

Choncho khalani naye pansi muwerengetse. Akachotsa thiransipoti ndi nkhomaliro, zitsala zingati? Afunse kontirakiti yolembedwa, galimoto yomutula akaweruka usiku, komanso penshoni, poti lamulo limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5. Zikakhalapo zimenezi, alowe, koma ngati ali pa sukulu, asaisiye.

Lembaninso mayi, tidzamve momwe zayendera.